Khoka Likafika Pamchenga Timasankha: Za Masewero a ku Korea

Mwezi ukakhwima, nuyamba kuwala pa nyanja yonse kuchokera ku Benga kufikira ku Chia, kotero kuti nyali za asiginala sizithanso kukopa usipa pakuti kuwala kwakhala ponseponse, anyamata a kuno kwa Mwadzama, amene masiku ena onse amachezera pamadzi, amakokera mabwato awo kumtunda, nayanika chilimira pamchenga, nalunjika ku kanyumba kena ka malata kuseri kwa msika, m'mene munthu amapereka kandalama pakhomo kuti akhale pa benchi ndi kuonera kanema. Kumeneko n'kumene ine, nkhalamba imene idagwira choko zaka zambiri, ndidapita tsiku lina madzulo mtima uli m'mwamba, ndili ndi cholinga chokamtulutsa mdzukulu wanga ndi khutu, koma nditaima pakhomo, ndi kuona pa galasi mnyamata wa tsitsi lalitali akukoka uta, kwinaku womasulira akumuyankhulitsa Chichewa chathu chomwechi, ndidaiwala chimene ndidadzera, ndipo mdzukulu uja ndiye adandigwira dzanja, nati, "Agogo, tiyeni tizipita, nsima yazizira kunyumba." Mnyamata wa uta uja anali Jumong, wa m'sewero la ku Korea. Kuyambira tsiku limenelo ndaonera masewero a ku Korea ochuluka ndithu, ena m'kanyumba komweko, ena pa foni ya mwana wanga sola ikadzaza batire, ndipo ndayesa kuti ndi bwino ndinene poyera chimene ndapezamo, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo ambiri amene amadzudzula masewerowa pa maguwa ndi pa mabwalo sadakhalepo pansi kuti aonere ngakhale gawo limodzi.

Buku Lopatulika lili ndi fanizo la khoka loponyedwa m'nyanja, limene limakola zamitundumitundu. Ndipo fanizo limenelo silifuna womasulira kwa munthu wobadwira m'mbali mwa nyanja, pakuti ngakhale mwana adziwa kuti khoka likafika pamchenga sitilibwezera m'madzi chifukwa chakuti muli nkhanu ndi zinyalala, komanso sitisenza zonse za m'menemo kupita nazo kumudzi, koma timakhala pansi ndi kusankha. Ndasankha tsono, ndipo ndapeza kuti masewero a ku Korea amakoma pamene eni ake akutionetsa m'mene iwo amadyera, amagwirira ntchito, amalirira maliro ndi kulemekezera makolo awo, ndipo amaipa pamene aleka kutionetsa moyo nayamba kutigulitsa maloto.

Choyamba chimene chidandikoka mtima ndi ulemu. Zaka zambiri tidaonera mafilimu a mfuti ndi nkhonya, m'mene mwana amaitana atate ake ndi dzina ngati mnzake wa kudambwe, ndipo tidayamba kuganiza kuti kutukuka ndiko kutaya mwambo. Koma taonani anthu awa, amene amapanga mafoni a Samsung ndi magalimoto a Hyundai, amene mizinda yawo siidziwa mdima wa usiku, akakumana ndi wamkulu amawerama, akamalandira kanthu amalandira ndi manja awiri, akamamwa pamaso pa munthu wachikulire amatembenuzira nkhope kumbali, ndipo chiyankhulo chawo, monga chathuchi, chili ndi mawu ena oyankhulira mwana ndi ena oyankhulira mkulu. Mayi a kunyumba kwanga, ataona mtsikana wina m'sewero akuvula nsapato pakhomo ndi kugwada pamaso pa apongozi ake, adaomba m'manja nati, "Bambo, ameneyu adalangidwa ndi anamkungwi ndithu." Phunziro limeneli si laling'ono kwa achinyamata athu, amene ena a iwo amachita manyazi kunjuta kapena kugwada, poyesa kuti zimenezo n'zachimidzi.

Chachiwiri ndi ulemu umene masewerowa amapereka kwa chakudya ndi kwa manja amene amachikonza. Anthu a ku Korea akafuna kufunsa mnzawo ngati ali bwino, kawirikawiri amamufunsa ngati wadya mpunga, ndipo funso lotere limamveka msanga m'boma lino la Nkhotakota, m'mene madambo amadzala ndi faya ndi kilombero. Pa mphasa yawo yodyera sipasowa kimchi, ndiwo ya kabichi wosungidwa ndi mchere ndi tsabola, imene amayi a m'mudzi amasonkhana kuti aikonze pamodzi nyengo yozizira isanafike, monga athu amachitira ndi mfutso. Ndipo ndidaseka ndekha nditaona tinsomba touma tosasiyana ndi usipa wathu tikuikidwa m'mbale yokongola pamaso pa munthu wolemekezeka, pamene kuno ena a ife timabisa usipa kukabwera mlendo wa m'tauni. Sewero la Dae Jang Geum, limene lidayamba kuonetsedwa mu 2003 ndipo lili ndi magawo 54, lidamangidwa pa maziko amenewa. Mtsikana wamasiye, Jang Geum, alowa m'khitchini ya kunyumba ya mfumu, aphunzira kusiyanitsa madzi abwino ndi oipa, anamiziridwa, athamangitsidwira ku chilumba cha Jeju, aphunzira kumeneko za mankhwala, ndipo potsiriza akhala sing'anga wa Mfumu Jungjong, imene idalamulira kuyambira 1506 kufikira 1544. Palibe mwamuna wachuma amene adamunyamula. Adakwera ndi luso la manja ake ndi kupirira kwa mtima wake. Mtsikana aliyense amene amayanika usipa pa thandala, kapena kuviika chinangwa cha kondowole m'mawa dzuwa lisanatuluke, ayenera kuona sewero limeneli, kuti adziwe kuti ntchito ya pa moto si temberero.

Chachitatu ndi kudekha. Olemba a ku Korea adziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amalera nkhani monga mayi alera mwana, osaithamangitsa kuti iyende isanakwawe. Mnyamata ndi mtsikana akhoza kutha magawo asanu ndi atatu asanagwirane ndi dzanja lomwe, ndipo pamene agwirana, kanyumba konse ka malata kamachita phokoso ngati timu yagoletsa chigoli. Chotero masewero ambiri a chikondi, makamaka akale, munthu akhoza kuwaonera ali ndi ana ake osafunafuna poyang'ana. Ndiponso nkhani zawo zambiri zimatha. Sewero la masiku ano kawirikawiri limakhala ndi magawo 12 kapena 16, lili ndi chiyambi, pakati ndi mapeto, monga nthano ya agogo pa moto, imene siitha popanda kuphera mphongo. Silili ngati masewero ena ochokera kwina, amene munthu amayamba kuwaonera ali ndi pakati nadzamaliza mwana akupita ku sukulu.

Koma chimene chimandichititsa nsanje koposa zonse ndi m'mene anthu awa agwirira mbiri yawo. Jumong, sewero la magawo 81 limene lidaonetsedwa kuyambira 2006 kufikira 2007, limasimba za munthu amene mbiri yawo imati adakhazikitsa ufumu wa Goguryeo m'chaka cha 37 Yesu asanabadwe. Ndipo ngakhale anyamata amalikondera nkhondo ndi mivi, ine ndidaona kuti mtima wa nkhaniyo uli pa zinthu ziwiri, chitsulo ndi mchere. Mtundu wa Jumong unali pansi pa ufumu wamphamvu wa Han chifukwa sunali kudziwa kusula malupanga olimba ndipo unali kudalira eni mphamvuwo pa mchere, kotero kuti wosula zitsulo, Mopalmo, ndi mkazi wamalonda, Soseono, ali ofunika m'nkhanimo monga mwini uta yemwe. Kodi pali Mmalawi amene amaima pa mzere wa feteleza kapena wa mafuta amene sangamve fanizo limeneli? Mtundu umene supanga zimene umadya ndi zimene umagwiritsa ntchito umagwada ngakhale uli ndi mbendera yakeyake.

Ndipo pamene alemba za anthu wamba a m'mbali mwa nyanja, amafika pafupi ndi ife koposa. Sewero la 2025 lotchedwa When Life Gives You Tangerines limatsata moyo wa Ae-sun, mwana wa mmodzi wa akazi a ku Jeju amene amamira pansi pa nyanja popanda botolo la mpweya kukatola nkhono zogulitsa, ndi wa mwamuna wake Gwan-sik, amene adagwira ntchito pa mabwato a eni kufikira adapeza lakelake. Pamene namondwe adawalanda mwana wawo wamng'ono, amayi amene ndidali kuonera nawo adalira ngati maliro ali pakhomo, pakuti palibe mudzi kuno umene mwera sudaulandepo munthu. M'sewero limenelo simudali nyumba zosanja kapena magalimoto onyezimira oti atikope. Mudali umphawi, thukuta ndi kukhulupirika, ndipo chifukwa cha chimenecho tidaliyesa lathu.

Tsono ndisanduke mboni ya mbali ina, pakuti wosankha nsomba amene aona chambo chokha, osaona chule, adzadyetsa ana ake zosayenera. Chofooka chachikulu cha masewerowa ndi kupembedza chuma. Kuyambira pa Boys Over Flowers wa 2009 kufikira lero, nkhani imodzi yabwerezedwa kosawerengeka: mtsikana wosauka, wakhama ndi wokoma mtima, akumana ndi mwana wa mwini kampani yaikulu, wamwano ndi wodzikuza, mnyamatayo amunyoza, amukoka padzanja mwankhanza, kenaka amukonda, mayi wa mnyamata amuthira madzi kumaso kapena kumuponyera envulopu ya ndalama kuti achoke, ndipo potsiriza umphawi wa mtsikana uthetsedwa ndi ukwati. Nthano yotere ikhoza kukhala yoseketsa kwa munthu wa ku Seoul, amene adziwa kuti ndi nthano chabe; koma kuno, kumene mtsikana wa Folomu 2 amakumana tsiku ndi tsiku ndi mwini chilimira kapena wogula nsomba wa ndalama zambiri m'thumba, ndi kumene atsikana ambiri asiyira sukulu panjira chifukwa cha malonjezo a anthu otere, chiphunzitso chakuti chipulumutso cha wosauka chili m'thumba la mwamuna wolemera ndi poizoni wothiridwa shuga. Choipa chinanso n'chakuti mwano wa mnyamata umaonetsedwa ngati chizindikiro cha chikondi chobisika, pamene ife amene takhala pa milandu ya mabanja tidziwa kuti wokoka mkazi padzanja lero ndiye womenya mawa.

Chofooka chachiwiri chili pankhope. M'masewero ambiri a masiku ano aliyense ndi wosalala, woyera mbee, wopanda chipsera kapena khwinya, ngakhale amene akuti ndi wosauka wogona m'kachipinda ka padenga. Msilikali achoka ku nkhondo tsitsi lili m'malo mwake, ndipo wodwala agona m'chipatala milomo ili yofiira. N'zodziwika kuti South Korea ndi limodzi la maiko amene anthu ake amapita kwambiri kwa madokotala kukasintha maso, mphuno ndi zibwano, ndipo masewerowa ndiwo amanyamula muyeso umenewo kuufikitsa kwa ife. Pamene ndiona m'misika yathu timabotolo ta mafuta oyeretsa khungu, ndi ana athu okongola, akuda bii ngati nkhungudzu, akudziwotcha masaya kuti afanane ndi chithunzi cha pa galasi, sindinena kuti Akorea ndiwo adayambitsa nthendayi, pakuti idafika kale iwo asanabwere. Koma ndinena kuti akuithirira madzi.

Pali zofooka zinanso zimene ndingozitchula mwachidule. Olemba akasowa kolowera amaitana galimoto kuti igunde munthu, naiwala zonse za kale, monga zidachitikira m'sewero la Winter Sonata la 2002. Kapena atulukira kuti ana adasinthanitsidwa kuchipatala, kapena agwetsa nthenda yosachiritsika pa mtsikana nthawi imene chimwemwe chayandikira. Sewero likatchuka amalitalikitsa chifukwa cha malonda, ndipo Jumong yemwe, amene poyamba adakonzedwa kuti akhale ndi magawo 60, amayenda mokoka miyendo chakumapeto. Amalonda amalowetsa katundu wawo m'kati mwa nkhani, kotero kuti munthu wosweka mtima amayamba waonetsa bwino dzina la chakumwa chake asanagwetse msozi. Ndipo mowa wawo wa soju, wa m'mabotolo obiriwira, umamwedwa pa chisoni ndi pa chimwemwe pomwe, kuledzera kukuonetsedwa ngati kanthu koseketsa, pamene ife taika m'manda anyamata ambiri amene adayamba ndi kuseka komweko.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere; ndipo chimene ndiwayamikira Akorea n'chakuti ena mwa iwo ang'amba okha mkuyuwo kuti tione. Squid Game, sewero limene lidatuluka pa Netflix mu September 2021, limasonkhanitsa anthu 456 omira m'ngongole kuti apikisane pa masewera a ana, wolephera aphedwe, wotsala atenge ndalama zokwana 45.6 biliyoni za kwawo. Ndipo aliyense amene adagwidwapo ndi katapila, kapena kuthawa m'mudzi chifukwa cha ngongole ya banki mkhonde, adziwa kuti nkhaniyo si ya ku Korea kokha. Dziko limene timaliona likunyezimira lili ndi misozi yake: mwa maiko olemera, ndi limodzi la amene anthu ake amadzipha kwambiri, okalamba ambiri ali pa umphawi, ndipo mu 2023 chiwerengero cha ana obadwa kwa mkazi mmodzi chidatsika kufika pa 0.72, kusonyeza kuti dziko lopanga nthano zokoma za chikondi ndi lomwenso achinyamata ake akuopa kukwatira ndi kubala chifukwa cha kudula kwa moyo. Komabe sewero loona ngati limeneli lili ndi magazi ochuluka, ndipo lidalembedwera akuluakulu. Tsoka lake n'lakuti pakhomo pa kanyumba ka malata safunsa zaka za munthu, amafunsa ndalama.

Apa mlandu wachoka kwa Akorea, wafika pakhomo pathu. Si iwo amene amalowetsa ana a Sitandade 3 kukaonera anthu akuphedwa, kapena kutsegula kanema nthawi ya sukulu, ndife. Omasulira athu, amene ndiwapatsa ulemu chifukwa atsegulira nkhanizi anthu osadziwa Chingerezi, ndipo ena a iwo ali ndi lilime lothyakuka kuposa alaliki, nthawi zina amathira zotukwana ndi nthabwala zopanda mutu pamene mwini nkhani adaika chete wa chisoni, nasandutsa maliro kukhala chitsudzo. Ndiponso tisadzinamize: zambiri zimene timaonera zimakoperedwa m'mamemori popanda eni ake kulandirapo kanthu, ndipo chizolowezi chomwecho ndicho chimapha amisiri athu a kuno, amene filimu yawo imafika pa msika uliwonse iwo asanabweze ndi ndalama ya kamera yomwe.

Ena mwa anzanga achikulire amati mankhwala ake n'kutseka tinyumba timeneti ndi kulanda ana mafoni. Ine sindivomereza, pakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo wanzeru amabwereka kalumoko m'malo mothamangitsa mwini wake. Dziko la Korea lidalamulidwa ndi Japan kuyambira 1910 kufikira 1945, lidapasuka ndi nkhondo ya 1950 mpaka 1953, ndipo pamene ife tinali kulandira ufulu mu 1964 linali losauka, lodalira chakudya chothandizidwa. Mavuto a zachuma a 1997 atawagwetsa, boma la Kim Dae-jung lidaona kuti nyimbo ndi masewero ndi katundu wogulitsa kunja monga zombo ndi magalimoto, ndipo mu 1999 lidakhazikitsa lamulo lolimbikitsa ntchito zimenezi. Chaka chomwecho ndi chimene ife tidatsegula wailesi yakanema yathu yoyamba, TVM. Pofika 2023, Netflix idalonjeza kuika madola 2.5 biliyoni m'masewero ndi mafilimu a ku Korea pa zaka zinayi. Luso ife sitidalisowe: mtundu umene udakulira pa Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino, umene udaseka ndi Izeki ndi Jakobo, umene udatsata Tikuferanji zaka zambiri, umene udabala Du Chisiza Jr ndi Shemu Joyah, mwini filimu ya The Last Fishing Boat ya 2012, sungatchedwe wosadziwa kusimba nkhani. Chimene tidasowa ndi kukhulupirira kuti nkhani zathu n'zoyenera kuziikira chuma ndi nthawi.

Pakuti za Jang Geum weniweni mabuku akale a mafumu a ku Korea adalemba mizere yowerengeka chabe, ndipo pa mizere imeneyo adamangapo magawo 54. Nanga ife, amene tikhala pa nthaka yodzala ndi mbiri, tamangapo chiyani? Pamtunda wosakwana tsiku limodzi pa njinga kuchokera pano pali Linga, pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika m'zaka za m'ma 1840, napanga zombo zowolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya, pa njira ya ku Kilwa; pali mtengo umene anthu amalozerabe alendo kuti David Livingstone adakhala pansi pake ndi Jumbe; ndipo akuluakulu amati mpunga umene timanyadirawu udafala ndi anthu omwewo amene adagulitsa makolo athu. Kodi pali nkhani ya ku Goguryeo yoposa imeneyo kulemera, m'mene dzanja limodzi lidabweretsa goli ndi mbewu? Nanga za Akalonga ku Mankhamba ndi ng'anjo zawo zosungunulira chitsulo, za Makewana ku Msinja, za John Chilembwe mu 1915, za sitima ya Vipya imene idamira mu 1946 ndi anthu 145, adzazisimba ndani ngati ife tingokhala pa benchi kuombera m'manja mafumu a eni?

Tsiku lina ndidamufunsa mdzukulu wanga uja kuti anditchulire adani a Jumong, ndipo adawatchula onse, kuyambira Daeso, osapunthwa, koma nditamufunsa kuti Jumbe anali yani, adandiyang'ana nati, "Agogo, kodi si dzina la sitolo?" Sindidamukalipire, pakuti mlandu sunali wake, iye adadya chimene adapatsidwa, ndipo ine, amene ndidali ndi nkhokwe yodzala, sindidamupatse kanthu. Usiku womwewo, mwezi utayamba kuchedwa kutuluka ndipo nyali za asiginala zitabwereranso pamadzi, ndidamukhazika pakhonde pamodzi ndi anzake atatu, ndi kuyamba kuwasimbira za mnyamata wa m'mudzi muno amene adagwidwa akuwedza, namangidwa goli, nayendetsedwa kupita ku Linga. Ndidachita monga ndidaphunzirira kwa Akorea: sindidathamange, ndidawauza chimene mayi wake adaphika m'mawa wa tsikulo, ndi m'mene mlongo wake adatsatira mapazi pamchenga, ndipo pamene chombo chidakweza thanga, mnyamata uja ataona kuti mfundo ya chingwe cha m'manja mwake yayamba kumasuka, ndidatseka pakamwa ndi kutenga ndodo yanga. Onse anayi adaimirira nafuula, "Agogo, nanga kenaka?" Ndidawayankha kuti gawo lachiwiri ndi mawa, ndipo wolowa ayambe waonetsa kope lake la sukulu pakhomo.